Mmene mungayendere tauni yakale ya Tallinn

Tallinn ndi likulu la dziko la Estonia, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, moyang'anizana ndi mzinda wa Helsinki wa ku Finland. Pakati pa mzindawu pali tauni yakale yozunguliridwa ndi linga, yomwe eni ake amaitchula kuti Vanalinn. Bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa mu 1997. Ndi yaing'ono ndithu: kuchokera pachipata cha kumpoto kukafika kumapeto a kummwera, munthu woyenda bwino satha mphindi 20. Kuchepa kwakeko n'kumene kumapusitsa alendo ambiri. Amalowa dzuwa lili paliwombo pamene khamu lafika kale, amazungulira pabwalo lapakati, amajambulitsa, n'kutuluka osaona nkomwe zimene zimachititsa malowa kukhala apadera. Dongosolo lothandiza ndi ili: yambani kumtunda m'mamawa, tsikirani kumunsi pang'onopang'ono, ndipo lowani m'nyumba ziwiri kapena zitatu zokha koma muzione mofatsa.

Yambani ndi mapepala

Estonia inalowa mu 2007 m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya omwe mlendo amalowamo ndi viza imodzi. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa, mufunika viza ya Schengen. Abale okhala ku Britain asaiwale kuti chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwa viza. Chomwe amayang'ana pachipata ndi pasipoti yomwe mwanyamula. Wa pasipoti ya Britain safunika viza pa ulendo wosapitirira masiku 90.

Pempho la viza limapita kwa dziko lomwe mukakhaleko masiku ochuluka. Ngati mukagona masiku asanu ku Helsinki ndi tsiku limodzi ku Tallinn, pemphani kwa a Finland, ndipo viza yomweyo ikakulowetsani ku Estonia. Estonia ilibe ofesi ya kazembe ku Malawi, choncho onani pa tsamba la intaneti la unduna wake wa za ubale ndi mayiko ena kuti mudziwe komwe mapepala anu akalandiridwe.

Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri osalembedwa, komanso yoti idzagwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe mudzatuluke m'mayiko a Schengen. Inshulansi ya zaumoyo ikhale yofika mayuro 30,000. Malipiro a viza ya munthu wamkulu anakwera kufika pa mayuro 90 mu Juni 2024. Mukhoza kupereka pempho kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Yankho limabwera kawirikawiri m'masiku 15, koma limatha kuchedwa mpaka masiku 45, ndiye musadikire kuti ulendo uyandikire. Zinthu ziwiri zimagwetsa mapempho ambiri: inshulansi yomwe masiku ake akuthera tsiku lobwerera lisanafike, ndi ndalama zambiri zomwe zangolowa mu akaunti mwadzidzidzi popanda chosonyeza komwe zachokera.

Nyengo ndi zovala

Mu Juni kumakhala kowala maola oposa 18, ndipo ngakhale pakati pa usiku mdima sugwira bwinobwino. Mu Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 9 koloko m'mawa, n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo. Izi zimasintha dongosolo lonse. M'nyengo yozizira muli ndi maola pafupifupi sikisi oonera zakunja, ndiye zam'nyumba muzisungire madzulo.

Meyi, kumayambiriro kwa Juni ndi Sepitembala ndiyo miyezi yomwe tingakulangizeni. Nsanja zimakhala zotsegula, kuzizira n'kopiririka, ndipo khamu silinachuluke. Mu Julayi ndi Ogasiti sitima zikuluzikulu za alendo zimaima padoko n'kutsitsa anthu masauzande nthawi imodzi. Anthuwa amadzaza misewu yopapatiza kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, kenako amabwerera kusitima zawo ndipo tauni imapumanso. Kuyambira kumapeto kwa Novembala pabwalo lalikulu pamakhala msika wa Khirisimasi. Ndi wokongola, koma Januwale ndi Febuluwale kumazizira mpaka madzi kuundana m'misewu, masiku ena kufika madigiri 15 pansi pa ziro.

Za nsapato tinene mosabisa. Misewu ya m'tauniyi inayalidwa ndi miyala, ina yozungulira, yosafanana kutalika, ndipo mvula ikagwa imaterera. Nsapato za gogoda zimakodwa m'mipata ya miyala. Nsapato za pansi posalala zimakugwetsani potsika phiri. Valani zotseka, za pansi pokhuthala ndi pa mano, zomwe munazizolowera kale. M'nyengo yozizira valani zovala zosanjikiza: chamkati chogwira thupi, juzi yaubweya, jekete yotchinga mphepo, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. M'nyumba zonse amatenthetsa, ndiye chovala chimodzi chokhuthala kwambiri chimakutulutsani thukuta mkati, ndipo thukutalo ndi lomwe limakuzizitsani mukangotuluka.

Nyamulaninso adaputa ya magetsi. Kumeneko mapulagi ndi a mano awiri ozungulira, osati a mano atatu omwe timagwiritsa ntchito ku Malawi ndi ku Britain. Nthawi ya ku Tallinn imafanana ndi ya ku Malawi m'nyengo yozizira, koma kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala imakhala patsogolo ndi ola limodzi.

Kufika pachipata

Bwalo la ndege la Lennart Meri lili pa mtunda wa makilomita anayi okha kuchokera pakati pa mzinda. Basi nambala 2 imachoka pabwalo la ndege kupita m'tauni. Anthu olembetsedwa kuti amakhala mu Tallinn amakwera mabasi ndi ma tram (sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda) ulere kuyambira 2013, ndipo apa m'pamene alendo amakodwa: amaona anthu akukwera osapereka ndalama, iwonso n'kungokhala. Mlendo amalipira. Njira yophweka ndi kugunditsa khadi la kubanki pa kamakina ka pakhomo lakutsogolo, ndipo tikitiyo imagwira ntchito ola limodzi. Oyendera matikiti akakupezani mulibe, chindapusa chake chimaposa mtengo wa tikiti kambirimbiri.

Ngati mukufuna takisi, itanani pa foni kudzera pa Bolt, kampani yomwe inayambira mu Tallinn momwemo, kuti muone mtengo musanakwere. Matakisi oima pamsewu aliyense ali ndi mtengo wake, ndipo amaumata pa galasi la chitseko chakumbuyo cha kumanja. Uwerengeni musanatsegule chitseko.

Ambiri amafika pa sitima yapamadzi kuchokera ku Helsinki, ulendo wa makilomita pafupifupi 80 womwe umatenga maola awiri kapena kupitirira pang'ono. Makampani ndi atatu: Tallink, Viking Line ndi Eckerö Line. Ku Helsinki, Tallink ndi Eckerö amanyamukira padoko la Länsisatama pomwe Viking amanyamukira ku Katajanokka, ndipo madoko awiriwa ndi otalikirana. Ku Tallinn, kuchokera padoko kukafika palinga ndi mphindi 15 mpaka 20 wapansi.

Ndalama ndi yuro kuyambira 2011, ndipo khadi amalandira pafupifupi paliponse, ngakhale pogula kapu ya khofi. Sungani timakobidi tochepa ta kuchimbudzi basi.

Pogona mkati mwa linga m'pabwino, koma funsani zinthu ziwiri musanalipire. Choyamba, ngati nyumbayo ili ndi chikepe, chifukwa nyumba zambiri zakale zilibe ndipo masitepe ake ndi otsetsereka. Chachiwiri, ngati windo likuyang'ana msewu wa mabala. Dera la Suur-Karja limakhala laphokoso mpaka mbandakucha Lachisanu ndi Loweruka. Galimoto siziloledwa m'misewu yambiri, ndiye sutikesi mudzaikoka nokha pamiyala. Chikwama cha kumsana chimapepuka.

Matauni awiri mu linga limodzi

Mukamvetsa ichi, zonse zomwe mukaone zidzakhala ndi tanthauzo. Mu 1219 mfumu Valdemar II ya ku Denmark inalanda phiri la Toompea n'kumangapo malo ake achitetezo. Kuyambira pamenepo, paphiripo panakhala olamulira: a ku Denmark, kenako asilikali achipembedzo a ku Germany omwe anagula derali mu 1346, a ku Sweden kuyambira 1561, ndi a ku Russia kuyambira 1710. Kumunsi kwa phiri kunakula tauni ina ya amalonda ndi amisiri. Iyi inalandira malamulo a mzinda wa Lübeck mu 1248, n'kulowa mu mgwirizano wa mizinda yamalonda wotchedwa Hansa. Amalondawa ankaitanitsa mchere ndi nsalu kuchokera kumadzulo, n'kugula zikopa zaubweya ndi phula kuchokera ku Russia. Chuma chimenecho n'chomwe chinamanga nyumba zomwe mukaone. Mzindawu unkadziwika ndi dzina loti Reval mpaka 1918.

Anthu a kumtunda ndi a kumunsi sankakhulupirirana. Aliyense anali ndi malamulo ake, pakati pawo panali khoma, ndipo zipata zinkatsekedwa usiku. Matauni awiriwa anadzakhala pansi pa ulamuliro umodzi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mpaka lero njira zolumikiza kumtunda ndi kumunsi ndi zochepa. Ziwiri zodziwika ndi Pikk jalg, msewu wautali wotsetsereka pang'onopang'ono womwe ngolo zinkadutsamo, ndi Lühike jalg, kanjira kafupi ka masitepe ka anthu apansi. Woyenda ndi mwana pa kangolo kapena wovutika mawondo asankhe Pikk jalg.

Gawo loyamba: Toompea, isanakwane 10 koloko

Yambirani pa bwalo la Vabaduse väljak cha m'ma 8 koloko. Pali chipilala chagalasi chokhala ndi mtanda pamwamba, chomwe anachitsegulira mu 2009 pokumbukira nkhondo yomenyera ufulu ya 1918 mpaka 1920. Kwerani masitepe a m'mbali mwake. Pamwamba mukumana ndi nsanja yonenepa yozungulira, Kiek in de Kök, yomangidwa m'zaka za m'ma 1470, yotalika mamita 38 ndipo makoma ake ndi okhuthala mamita anayi. Yang'anitsitsani khoma lake: muona zipolopolo za mizinga zomatika, chikumbutso cha nthawi yomwe asilikali a Ivan IV wa ku Russia anazinga mzindawu mu 1577. Nthawi imeneyi nsanjayi imakhala isanatsegulidwe. Ipitirireni, mudzabwerera.

Mphindi zisanu kutsogolo mufika pa bwalo la Lossi plats. Mbali imodzi kuli nyumba ya pinki, yomwe ndi khomo la nyumba ya malamulo yotchedwa Riigikogu, ya aphungu 101. Kuseri kwake kuli nsanja ya Pikk Hermann, pomwe mbendera ya buluu, yakuda ndi yoyera imakwezedwa m'mawa uliwonse nyimbo ya fuko ikuimbidwa. Kuti muione bwino, lowani m'kamunda ka kumanzere kwa nyumba ya pinkiyo. Malowa ali pamtima pa anthu a ku Estonia. Mbendera yawo inabwereranso pansanjayi pa 24 Febuluwale 1989 dziko lidakali m'manja mwa Soviet Union, ndipo pa 23 Ogasiti chaka chomwecho anthu pafupifupi 2 miliyoni anagwirana manja pamzere wa makilomita oposa 600, kuchokera pansi pa nsanjayi kudutsa ku Riga, likulu la Latvia, mpaka ku Vilnius, likulu la Lithuania. Ufulu unabwerera mu 1991.

Moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo pali tchalitchi cha Alexander Nevsky cha mpingo wa Orthodox, chomangidwa pakati pa 1894 ndi 1900, pamene boma la Russia linkafuna kuonetsa mphamvu zake paphiri la olamulira. Kulowa n'kwaulere, koma ndi nyumba yopempherera yomwe ikugwira ntchito. Abambo vulani zipewa, amayi kufunda kampango kumutu ndi ulemu, ndipo kujambula mkati n'koletsedwa. Mukapeza mapemphero ali mkati, imani kumbuyo mwakachetechete.

Tsatani msewu wa Toom-Kooli kukafika pa Toomkirik, tchalitchi choyera cha Lutheran chomwe chiyambi chake ndi m'zaka za m'ma 1200. Moto wa mu 1684 unapsereza pafupifupi phiri lonse, n'chifukwa chake nyumba za kumtunda zimaoneka zatsopanoko poyerekeza ndi za kumunsi. M'kati, makoma adzaza ndi zizindikiro zosema za mabanja olemera achijeremani, ndipo muli manda a Adam Johann von Krusenstern, yemwe anatsogolera ulendo woyamba wa sitima za Russia wozungulira dziko lapansi kuyambira 1803 mpaka 1806.

Kenako malo awiri oonera mzinda, ndipo awa ndi omwe mwadzukira m'mamawa. Msewu wa Kohtu umathera pa Kohtuotsa. Apa madenga ofiira a tauni ya kumunsi ali pansi panu, nsonga za matchalitchi zili zoo, ndipo kuseri kwake nyumba zazitali zagalasi za mzinda watsopano. Pa Patkuli, pamtunda wa mphindi zitatu, ndi pomwe linga limaoneka bwino: nsanja zazipewa zofiira zitandandalika pamzere, nsonga ya tchalitchi cha Oleviste, ndi sitima zikulowa padoko. Ikakwana 11 koloko m'nyengo ya alendo, pamalo awiriwa mumachita kudikira mpata woti mufike pakhoma. Chenjezo limodzi: pa Patkuli pali masitepe 157 otsikira kunja kwa linga, cha kusiteshoni ya sitima yapamtunda. Ambiri amatsika poganiza kuti akulowa m'tauni ya kumunsi, n'kudzipeza ali kunja. Bwererani cha ku tchalitchi cha Nevsky.

Gawo lachiwiri: kutsika

Musanalowe pachipata cha Lühike jalg, patukirani m'munda wotchedwa Taani Kuninga aed, kutanthauza munda wa mfumu ya Denmark. Nthano imati apa ndi pomwe mbendera ya Denmark inagwa kuchokera kumwamba pankhondo ya 1219. Ndi nthano chabe, koma mundawo ndi malo abwino opumira, pansi penipeni pa linga. Ngati mukufuna kulowa mu Kiek in de Kök, ino ndiyo nthawi yake, chifukwa nsanjayi ndi yolumikizana ndi nsanja za m'mundamu komanso ndi njira za pansi pa nthaka zomwe zinakumbidwa m'nthawi ya ulamuliro wa Sweden. Njirazi anthu anabisalamo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Mumazizira chaka chonse, tengani juzi. Patulani ola limodzi ndi theka.

Pansi pa Lühike jalg pali Niguliste, tchalitchi chomwe tsopano ndi nyumba yosungiramo zojambula zakale. Ngati nthawi ikukulolani nyumba imodzi yokha, ikhale iyi. Muli chojambula cha Bernt Notke cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1400, chotalika mamita oposa 7, chosonyeza imfa ikuvina ndi papa, mfumu, mfumukazi ndi akuluakulu ena. Imani pafupi muone kusiyana kwa nkhope: mafupa akuoneka osangalala, miyendo ili m'mwamba, pomwe olemekezekawo auma thupi m'zovala zawo zagolide, dzanja litagwidwa. Chomwe chilipo ndi chidutswa chabe cha chojambula chomwe chinali chachitali kwambiri. Nsanja ya tchalitchichi ili ndi chikepe, ndiye amene sangathe masitepe a nsanja zina akhoza kuonera mzinda pano.

Potuluka muona malo apululu obiriwira m'mbali mwa msewu wa Harju. Si paki yomwe anaikonza dala kuyambira kale. Panali nyumba, zomwe ndege za Soviet zinaphulitsa usiku wa pa 9 Malichi 1944, usiku womwewo Niguliste inapsa. M'nyengo yozizira amaikapo bwalo lotsetserekapo pa madzi oundana.

Gawo lachitatu: bwalo ndi msewu wa Pikk

Bwalo lalikulu la Raekoja plats ndi mtima wa tauni ya kumunsi. Nyumba ya khonsolo, Raekoda, inamalizidwa mmene ikuonekera lero mu 1404. Pansonga pa nsanja yake pali kachifanizo ka msilikali kosonyeza komwe mphepo ikulowera, Vana Toomas, komwe kanaikidwa koyamba mu 1530. Komwe kali pamwamba lero n'kolowa m'malo, koyambirira kanasungidwa mkati. Nsanjayi imatsegulidwa m'miyezi yotentha. Masitepe ake ndi 115, ena otalika mpaka kufika m'bondo, ndipo njira ndi yopapatiza moti okwera ndi otsika amachita kupatsana mpata.

Pakona ya bwaloli pali Raeapteek, sitolo ya mankhwala yomwe zolembedwa zimaitchula kale mu 1422 ndipo ikugulitsabe mankhwala mpaka lero. Banja limodzi, la Burchart, linaiyendetsa zaka zoposa 300. M'chipinda cham'mbali aikamo mankhwala akale ndi zipangizo zake. Mphindi 15 n'zokwanira.

Tulukani pabwalo kudzera pa kanjira kopapatiza ka Saiakang, mufika pa tchalitchi cha Püha Vaimu chomwe pakhoma lake pali wotchi yamatabwa yopentedwa ya m'zaka za m'ma 1600. Patsidya pali nyumba ya Suurgild ya mu 1410, pomwe amalonda akuluakulu ankakumana, ndipo pafupi pomwepo pali Maiasmokk, malo omwera khofi omwe akhala akugwira ntchito kuyambira 1864. M'chipinda chake china mukhoza kuona mmisiri akupenta tizidole ta marzipan ndi kaburashi. Ndi chotsekemera chopangidwa ndi mtedza wa amondi ndi shuga.

Kuchokera apa tsatani msewu wa Pikk kulowera kumpoto, ndipo muziyang'ana m'mwamba. Nyumba za amalonda ndi zopapatiza kutsogolo, zazitali, za denga losongoka. Pamwamba pa zambiri pali kamtengo kotulukira kunja ndi zitseko zosanjikizana pakati pa khoma. Banja linkakhala pansi, katundu ankasungidwa m'zipinda zam'mwamba, ndipo matumba a mchere ankakwezedwa ndi chingwe chodutsa pa kamtengo kaja. Pa nambala 26 pali chitseko chobiriwira ndi chofiira chokhala ndi maluwa agolide, cha nyumba ya gulu la amalonda osakwatira lotchedwa Mustpead. Patsogolo pang'ono, pakona ya msewu wa Pagari, pali nyumba yomwe mawindo ake apansi anatsekedwa ndi njerwa. Umu munali likulu la KGB, apolisi achinsinsi a Soviet Union, ndipo zipinda zapansi momwe ankasungira ndi kufunsa akaidi ndi zotsegula kwa alendo. Ndi malo ang'ono, olemetsa mtima, ndipo ndi oyenera kuwaona.

Oleviste ili pafupi pomwepo. Nsonga yake ndi yotalika pafupifupi mamita 124, ndipo mphezi yaimenya n'kuitentha kangapo m'mbiri yake. Lero mumapemphera mpingo wa Baptist. Malo oonera ali pa mamita pafupifupi 60, ndipo mumafikako pa masitepe amiyala ozungulira opitirira 200, mutagwira chingwe. Pamwamba kanjira kake n'kopapatiza, munthu mmodzi basi. Amatsegula kuyambira cha mu Epulo mpaka Okutobala. Wodwala mtima kapena wochita chizungulire pamalo okwera asadzikakamize. Sankhani nsanja imodzi yokha pa tsiku, chifukwa miyendo idakali ndi ntchito.

Msewu umathera pa chipata cha kunyanja ndi nsanja ya Paks Margareeta, yomangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1500, yotambalala mamita 25. Mkati muli zinthu zakale za pa nyanja, kuphatikizapo chombo chamalonda cha m'zaka za m'ma 1300 chomwe anachifukula mu Tallinn mu 2015.

Gawo lomaliza: m'mbali mwa linga

Pobwerera dzerani ku Olevimägi kulowa msewu wa Vene. Samalani kuti musapitirire khomo la Katariina käik, chifukwa ndi kachipata kang'ono pakati pa nyumba. Kanjiraka kakutsata khoma la tchalitchi chakale cha ansembe a Dominican, omwe anakhazikika pano mu 1246. Miyala ya pamanda yakale anaimika kukhoma, ndipo mbali inayo kuli tizipinda ta amisiri oumba magalasi, osoka zikopa ndi oluka, omwe mumawaona akugwira ntchito. Kanjiraka kamatulukira pa msewu wa Müürivahe, pansi pa linga, pomwe amayi amagulitsa majuzi, masokosi ndi magolovesi aubweya. Pa nsanja ya Hellemann mukhoza kukwera n'kuyenda pamwamba pa linga. Linga lonse linali lotalika makilomita pafupifupi 2.4, ndipo gawo lomwe latsala likuyandikira makilomita awiri. Mutulukira pa chipata cha Viru, pomwe pali ogulitsa maluwa.

Pogula mphatso, dziwani kuti zidole zolowetsana zamatabwa zomwe zadzaza m'mawindo ndi za chikhalidwe cha ku Russia. Za ku Estonia kwenikweni ndi zoluka zaubweya, nsalu za linen, ziwiya za mtengo wonunkhira wa juniper, ndi chokoleti cha Kalev, chomwe m'supamaketi n'chotsika mtengo kuposa m'masitolo a alendo.

Chakudya

Malo odyera a pabwalo lalikulu amakulipiritsani mpando ndi maonekedwe. Misewu iwiri kuchoka pabwalo mtengo umatsika. Mkati mwa sabata masana funani mawu oti päevapraad pa bolodi: ndi chakudya cha tsikulo chomwe ogwira ntchito a mumzinda amadya, chotsika mtengo. Lawani buledi wakuda wa rye, wolemera ndi wowawasa pang'ono, makamaka woikapo batala, dzira ndi kilu, tinsomba tonga usipa tothira mchere ndi zonunkhiritsa. Nyama ya nkhumba ndi kabichi wowawasa n'zofala, ndipo pa Khirisimasi amadya soseji ya magazi yotchedwa verivorst. Amene sadya nkhumba kapena magazi afunse asanaitanitse, chifukwa nkhumba imapezeka ngakhale mu supu. Msika wa Balti Jaama Turg, kuseri kwa siteshoni ya sitima, uli ndi zakudya zamitundumitundu pamtengo wabwino. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Zomwe zimasokoneza ulendo

Lolemba. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatseka tsikuli, makamaka kunja kwa nyengo ya alendo. Onani masiku otsegulira musanasankhe tsiku.

Tallinn Card, khadi la maola 24, 48 kapena 72 lolowera m'malo ambiri ndi kukwerera mabasi, limapindulitsa pokhapokha ngati mulowadi malo atatu kapena anayi olipira pa tsiku. Werengerani kaye mitengo ya malo omwe mwasankha.

Zizindikiro za pachimbudzi zimasokoneza: kachizindikiro ka makona atatu koloza m'mwamba, kapena chilembo N, ndi kwa amayi, koloza pansi, kapena M, ndi kwa abambo.

M'nyengo yozizira mukaona chingwe chotchinga m'mbali mwa nyumba, musadumphe. Madzi oundana osongoka amagwa kuchokera padenga ndipo amavulaza. Lamulo limafunanso kuti woyenda pansi mumdima avale kachipangizo konyezimira kotchedwa helkur. N'kotchipa, kamapezeka m'supamaketi, ndipo mumakapachika pajekete. Mowa m'masitolo amagulitsa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku basi. Apisamthumba amakonda pomwe pali khamu, monga pa Viru ndi pa malo oonera aja, ndiye chikwama chikhale kutsogolo. Nambala ya ngozi ndi 112.

Anthu a ku Estonia ndi ofatsa, salankhula kwambiri ndi munthu wosamudziwa, ndipo moni wawo ndi waufupi. Si mwano. Nenani tere polowa ndi aitäh pothokoza, kenako pitirizani m'Chingelezi, chomwe ambiri m'tauni yakale amachidziwa. Chiyankhulo chawo n'chapachibale ndi cha ku Finland, ndipo musayambe ndi kuganiza kuti aliyense ndi wa ku Russia. Mbiri ya zaka za ulamuliro wa Soviet idakali yowawa kwa mabanja ambiri.

Ngati mukubwerera ku Helsinki tsiku lomwelo, werengani chilembo cha malo okwerera pa tikiti yanu. Tallink imanyamukira pa D, pomwe Viking Line ndi Eckerö Line amanyamukira pa A, ndipo kuyenda pakati pa malo awiriwa kumadya nthawi. Zipata amatseka sitima isananyamuke, choncho chokani pa Viru kutatsala ola lathunthu, pasipoti ili m'thumba, chifukwa amatha kuifunsa ngakhale mukuyenda pakati pa mayiko awiri a Schengen.